Chibangili cha Adona Sabiha

1

Dzina langa ndi Aloysius Namaona. Ena akamalemba zawo m'magazini amasintha mayina. Ine sindisintha, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya dzina lomwelo. Mukafunsa ku Limbe, kwa amene anakhalitsa m'masitolo a Amwenye, akuuzani kuti Namaona ndi dalaivala uja anaba golide wa adona. Akhala akunena zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Masiku ano ndimakhoma zidebe ndi mbaula pamsika wa Chigumula. Tsiku lina mu Julayi chaka chatha, kukuwomba chiperoni, galimoto yoyera inaima pafupi ndi shedi yanga. Munatuluka mnyamata wachimwenye wa ndevu zometedwa bwino. Anaima patsogolo panga n'kuvula chipewa.

"Ankolo, mwandiiwala?"

"Ine ndilibe mphwanga woyenda pa galimoto yotere," ndinatero osasiya kukhoma. "Ngati ndi mbaula, zilipo zazikulu ndi zazing'ono."

"Ndine Suhail. Mwana wa a Mohsin. Munkanditula kusukulu ya mkaka."

Nyundo inaima yokha. Ndinamuyang'ana bwino. Makutu anali omwe aja, otambasuka ngati a atate ake.

"Bambo ako akutuma kuti udzandisechenso?"

"Bambo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Amayi ndiwo akudwala, sakudzuka." Ananjuta pansi pakati pa zidutswa za malata, osasamala buluku lake. "Mwezi watha anandiitana n'kunena kuti, Suhail, chibangili chija mwina sindinachivule. Mwina ndinalowa nacho m'madzi."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

"Akumbukira lero?"

"Ndikudziwa kuti n'kuchedwa, ankolo. Koma ine ndakhala ku Durban zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko ndinaphunzira kufufuza zitsulo m'mphepete mwa nyanja ndi makina. Ndabwera nawo. Golide sawola. Ngati chinagwera m'madzi, chikadali pomwepo. Ine ndinali mwana, malo sindikuwakumbukira. Inu mukuwadziwa. Tikachipeza, ndidzayenda nanu sitolo ndi sitolo ku Limbe konse, ndizinena ndekha kuti tinakunamizirani."

Ine sindikhulupirira munthu. Koma mawu omalizawo anandilowa.

2

Zinachitika mu Disembala 2002, Idi itangotha. Bwana Mohsin anali ndi holoselo ya nsalu ku Limbe, ndipo ndinali nditawayendetsa zaka khumi ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku. Mkazi wanga, Atikonda, anali mlezi wa Suhail m'nyumba yomweyo ku Sunnyside. Khukhi anali Alidi, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo kuyambira tili anyamata.

Tinapita tonse kunyanja ku Mangochi, kunyumba ya mnzawo wa bwana. Masana a tsiku lachiwiri, adona Sabiha analowa m'madzi ndi zovala zawo, Atikonda atanyamula mwana pambali pawo. Ine anandisiya pansi pa mtengo wa mtondo kuti ndilondere zikwama.

Atatuluka m'madzi, adona anatsegula chikwama chawo. Anakhuthula zonse pamkeka. Anagwira dzanja lawo lamanzere.

"Chibangili changa chili kuti? Ndinachiika muno."

Chinali chibangili chokhuthala, chojambulidwa timaluwa, chimene mayi awo anawaveka tsiku la ukwati. Bwana anabwera akupukuta m'mutu ndi thaulo.

"Anatsala ndi katundu ndani?"

Bwana anatembenukira kwa Alidi, amene ankawotcha nsomba chapafupi.

"Alidi, ndikufunsa iwe."

Alidi anayang'ana pansi. "Anatsala ndi a Namaona, bwana."

Anandivula malaya ndi nsapato pamaso pa ana ndi asodzi. Anasecha galimoto mpaka pansi pa mipando. Sanapeze kanthu.

"Apolisi sindikuitanira chifukwa cha mkazi wako," anatero bwana. "Siya makiyi apo."

Ndinabwerera ku Blantyre pa lole ya usipa.

Ku Limbe masitolo ndi ambiri koma pakamwa ndi pamodzi. Kulikonse kumene ndinapita ndi laisensi yanga, ankangoyang'ana dzina n'kundibwezera. Kutchalitchi anandilanda makiyi a kabati ya zopereka, ati kuti ndipumuleko. Mwana wathu Hilary anzake kusukulu ankamutcha Golide. Lero ali ku Joni, ndipo amalemba dzina la kwa amayi ake.

Atikonda sanamuchotse ntchito. Adona ankati ndi mkazi wabwino amene anangokwatiwa molakwika. Anagwira kumeneko zaka zina khumi ndi ziwiri, ine ndikuyenda m'maganyu. Nthawi ina titakangana kwambiri, ansembe anatiitana. Atikonda anapinda manja pamwendo n'kunena mofatsa kuti, "Bambo mfumu, kaya anatenga kaya sanatenge, ine ndinawakhululukira."

Ansembe anamuyamika. Ine ndinalira, poganiza kuti Mulungu anandipatsa mkazi woposa msinkhu wanga.

3

Tinayamba kuphunzira pabwalo la nyumba ya ku Sunnyside. Ndinali ndisanapondepo kuyambira chaka chija. Mitengo ya jakaranda inali itakula, garaja anapaka utoto wina. M'nyumba ndinakana kulowa.

Makinawo ndi ndodo yaitali, kumunsi kwake kuli chinthu chozungulira ngati mbale, kumtunda kabokosi ndi mahedifoni. Suhail anakwirira zinthu mu kapinga: msomali, chotsekera botolo, ndalama yachitsulo ndi mphete ya mkazi wake.

"Mbaleyo isamakwere m'mwamba, ankolo. Izingokhudza udzu. Muziyendetsa pang'onopang'ono, uku ndi uku, ndipo pomwe mwadutsa muzibwerezako theka."

"Ngati kusesa pabwalo la bishopu."

"Eya, koma bishopu wake wovuta."

Msomali unalira mobangula, ngati chule. Chotsekera botolo chinalira mokweza koma mosweka. Nditafika pa mphete, kulira kwake kunali kofewa, kozungulira, kofanana kuchokera mbali zonse. Ndinaima.

"Apa."

Suhail anandiyang'ana modabwa. "Ine zinanditengera miyezi itatu kuti ndisiyanitse."

"Iwe sunakhomepo ndowa. Ine lata ndimaidziwa poigogoda ndi chala."

Anandionetsanso fosholo yoboolaboola ngati sefa, ya mpini wautali, yokumbira m'madzi. Anati ukamva kulira, uponde pamalopo ndi chala cha phazi, uike fosholo kumbuyo kwa chalacho, uikankhe ndi phazi linalo, kenako uigwedeze m'madzi mchenga utuluke. Mafunde usawapatse msana, uziwaimira chammbali. Woyamba kumene azikumba chilichonse cholira, ngakhale akudziwa kuti ndi chitini, chifukwa khutu limaphunzira ndi manja.

"Ndipo kumbukirani ichi," anatero. "Golide ndi wolemera. Sayandama, sathawa ndi mafunde ngati zotsekera mabotolo. Chaka ndi chaka amamira mumchenga mpaka atakhala pa dongo lolimba. Chathuchi chikhala pansi kwambiri. Tidikire mwera ukokolole mchenga, tipite kumapeto kwa Ogasiti."

Tsiku lachitatu anaika makinawo m'chikwama chake n'kundipatsa, pamodzi ndi chotchajira.

"Kaphunzireni kunyumba. Milungu iwiri."

"Ukumusiyira wakuba chinthu chodula chonchi?"

"Ndikuwasiyira ankolo anga."

Mu minibasi ndinalipira mipando iwiri kuti chikwamacho chisapondedwe.

4

Atikonda anali akusankha nyemba pakhonde pamene ndinatulutsa makinawo.

"Chimenecho n'chiyani, bambo a Hilary?"

Ndinamufotokozera zonse. Sanaseke, sanasangalale. Anangoyang'ana mbale ija.

"Chimaona pansi pa dothi?"

"Chimamva. Chitsulo chilichonse, ngakhale chitakwiririka mpaka m'chigongono."

Lichero linapendekeka, nyemba zina zinagwera pansi. Nkhuku zinathamangira.

"Musamayende nacho pakhomo pano," anatero akutola nyembazo. "Anthu a kuno mukuwadziwa. Mawa amveka kuti a Namaona agula chaufiti chokokera ndalama za eni. Kaphunzirireni kudimba, kutali ndi maso."

Ndinamvera. Sabata yonse ndinkapita kudimba m'mamawa. Ndinafukula misomali, khasu lothyoka, mabatire akale, ndi tambala imodzi ya tambala wakuda. Koma dimba lathu ndi laling'ono, ndipo ndinalimaliza.

Lachinayi Atikonda anavala yunifolomu yake n'kupita ku mapemphero a amayi. Potuluka anabwereza, "Kudimba, bambo a Hilary." Ine munthu akandiuza chinthu kawiri, ndimayamba kudzifunsa chifukwa chake. Koma zoona zake, tsiku limenelo sindinamuganizire choipa chilichonse. Ndinangoti ndi mantha a akazi. Mawondo ankandipweteka, ndipo kuseri kwa nyumba palibe akanandiona.

Ndinayamba pa bafa, ndinadutsa pa khola, ndinafika pa nthochi za kuseri kwa khitchini. Pamenepo makina analira kulira kwa chitini, koma pansi pa kulirako panali kena kofewa. Ndinazungulira mbali ina. Chimodzimodzi. Suhail anati woyamba azikumba chilichonse. Ndinatenga khasu.

Dothi la ku Chigumula ndi katondo wofiira, womata. Nditakumba mpaka m'chigongono, khasu linagunda kachitini kokutidwa ndi matope, kodyeka ndi dzimbiri pansi pake. Ndinakakanula ndi chikwanje. Munali kansanza kowola ndi matope amene analowa ndi mvula. Nditafinya matopewo ndi chala, kunatuluka kuwala kwachikasu ndi timaluwa.

Kachitiniko ndinakaponya m'nthochi osakayang'ananso. Ndinakhala pansi m'dzenje momwemo. Chinthu chimene chinandidyera moyo chinali m'manja mwanga, ndipo chinatuluka pakhomo panga.

5

Atikonda anandipeza m'chipinda, chibangili chili pa tebulo. Anaima pakhomo, buku la nyimbo lili m'manja.

"Mwachipeza kuti?"

"Pa nthochi. Mayi a Hilary, ndiuzeni, chafika bwanji pano?"

Anakhala pa bedi. Anavula duku, analipinda, analipindanso.

"Alidi," anatero.

"Alidi?"

"Mwaiwala? Chaka chija titangosamukira kuno anabwera kudzapepesa, inu n'kumuthamangitsa. Asanapite anapempha kupita kuseri. Anakhalitsa. Ine ndinadabwa, koma sindinanene."

Ndinakumbukira. Anabweradi mu 2004, atanyamula nkhuku. Ndinamuuza kuti nkhuku yakeyo akadye ndi bwana wake. Anamwalira mu 2008, ndipo maliro ake sindinapite ngakhale mkazi wake anatuma uthenga kawiri. Tsopano zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Anaba ndi iyeyo, analoza ine, ndipo atalephera kugulitsa anadzakwirira pakhomo panga kuti tsiku lina chidzapezeke kwa wakuba wodziwika kale.

"Mawa ndikupita nacho kwa Suhail," ndinatero.

"Mukanene kuti chiyani?"

"Zoona."

"Kuti chibangili chimene ankati mwaba chapezeka kuseri kwa khitchini yanu, ndipo anakwirira ndi munthu wakufa? Bambo a Hilary, inuyo atakuuzani wina mungakhulupirire?"

Ndinatembenuza chibangili chija pa tebulo.

"Adona akuti chinagwera m'madzi," anapitiriza motsitsa mawu. "Mwanayo akuti chili m'madzi. Ndiye chipezeke m'madzi. Chibangili chibwerere kwa eni ake, dzina lanu liyere. Walakwiridwa ndani?"

Ndikuvomera pamaso panu owerenga: ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinachitsuka ndi sopo ndi mswachi mpaka timaluwa tonse tinawala. Atikonda anandisokera kathumba mkati mwa kabudula.

6

Tinanyamuka ku Blantyre Lachisanu, tinayamba ntchito Loweruka m'mamawa mphepo isanadzuke. Nyumba ija anaigula ena n'kuisandutsa malo ogona alendo, koma mtondo unalipo. Ndinaima pansi pake n'kuloza.

"Amayi ako analowera apa, kulunjika mwala uwo. Madzi ankawafika m'chiuno."

Mwera unali utakokololadi mchenga. Suhail anagawa malowo ndi timitengo, tizipita ndi kubwera ngati polima mizere. Tinkasinthana, wina makina, wina fosholo. Madzi anali ozizira, mafunde ankandimenya m'nthiti. Tinatola zotsekera mabotolo zodzaza thumba, mbedza, supuni, ndi foni yakufa. Asodzi ankatiseka ali m'mabwato awo.

"Madala, mukusaka bomba?"

"Tikusaka nzeru zako, zinagwera pano," ndinawayankha.

Dzuwa litakwera, Suhail anapita kugalimoto kukamwa madzi ndi kuimbira amayi ake. Ndinatsala ndekha, madzi ali m'chiuno. Ndinakumbukira phunziro lake, kuti golide amakhala pa dongo. Ndinakumba mafosholo asanu mpaka ndinamva kulimba. Ndinang'amba kathumba, ndinamira, ndinachiika pansi, ndinakankhira mchenga ndi phazi. Mafunde anamaliza ntchitoyo.

Atabwera ndinamupatsa mahedifoni. "Tamvera apa. Makutu anga atopa."

Anayendetsa mbale kamodzi, kawiri. Nkhope yake inasintha. Anatenga fosholo. Yoyamba mchenga, yachiwiri mchenga. Yachinayi itatuluka, anaigwedeza, ndipo pansi pake panagogoda chinthu cholemera.

Mnyamata uja analira ngati mwana. Anandikumbatira m'madzi momwemo. "Ankolo, tikhululukireni. Tikhululukireni tonse."

Tinatuluka n'kukhala pansi pa mtondo. Ankachitembenuza m'manja, akuseka, akupukuta misozi.

"Mukudziwa, mkati mwake muli dzina la agogo anga," anatero. "Chimatseguka. Onani."

Ine sindinkadziwa kuti chimatseguka. Pakati pa timaluwa tiwiri panali kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mpiru. Anakapotokola ndi nsonga ya mpeni. Chibangili chinagawanika pawiri, ndipo mkati mwake munali mphako. Anachigogoda pachikhatho.

Munatuluka dothi lofiira.

Suhail analiyang'ana. Anayang'ana mchenga woyera umene tinakhalapo. Analifikisa ndi chala, linamata ngati phala.

"Ankolo," anatero pang'onopang'ono, "katondo uyu wachokera kuti?"

Ndinayang'ana kunyanja. Iye anapitiriza.

"Kuno kulibe dothi lotere. Koma ndinaliona pa matayala anga tsiku lija ndinabwera ku Chigumula."

"Suhail, tamvera. Ndinachipeza pakhomo panga, koma anakwirira ndi Alidi."

"Alidi amene anamwalira."

"Yemweyo."

Anatseka chibangili, anachiika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Sanakalipe ngati atate ake. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Amayi akhala akulira miyezi iwiri yathunthu kuti anachimwira munthu wosalakwa," anatero. "Ine ndinakangana ndi abale anga chifukwa cha inu. Kwerani, a Namaona, ndikakutuleni."

Kuchokera ku Mangochi mpaka ku Chigumula sananditchulenso ankolo. Ponditsitsa anangoti, "Chotchajira ndidzatenga Loweruka."

7

Masiku atatu sindinapite kumsika. Atikonda ankandibweretsera tiyi n'kumati, "Mwayesetsa, bambo a Hilary. Zinazi n'za Mulungu."

Lachitatu ndinapita kuseri kukakwirira dzenje lija, kuopa mbuzi ingathyoke mwendo. Pansi pa masamba a nthochi ndinaona kachitini kaja. Ndinakatola kuti ndikataye kudzala. Matope anali atauma n'kuyamba kusweka. Mwa chizolowezi cha ntchito, ndinayang'ana msoko wake.

Sikanali ka kufakitale. Kanali kopinda ndi manja, msoko wopindira mkati kawiri. Ndinapala chivundikiro ndi chikhadabo. Pakona panali timadontho titatu tokhoma ndi msomali.

Chilichonse chimene ndimapanga ndimachikhoma timadontho titatu, kuti wina asadzandibweretsere ndowa yodontha ya munthu wina. Ndipo ine kukhoma malata ndinayamba mu 2011, Alidi atagona m'manda zaka zitatu. Kachitini aka ndinakakumbukira. Ndinapangira mkazi wanga kuti azisungiramo singano.

Ndinakapeza Atikonda kukhitchini akukoleza moto. Ndinaika kachitiniko pafupi ndi phazi lake.

"Singano zanu mumasunga kuti masiku ano, mayi a Hilary?"

Anakayang'ana. Anapitiriza kuuzira moto mpaka unayaka. Kenako anakhala pa mpando wake wachidule.

"Aka n'kachitatu," anatero. "Tiwiri toyamba tinawola."

"Fotokozani."

"Chinavuka pamene adona ankandipatsira mwana. Ndinachimva chikugwera paphazi langa. Ndinachiponda. Iwo atatembenuka ndinachitola ndi zala za kuphazi n'kuchimangirira m'chitenje." Ankayankhula ngati akunena za mtengo wa tomato. "Ndinkafuna ndingochigwirako, bambo a Hilary. Zaka zonse zija ndinkachipukuta Lachisanu lililonse n'kuchibwezera m'kabati. Ndinati ndichivale kamodzi kubafa, ndikanene kuti ndachitola. Potuluka m'madzi ndinapeza akukuvulani malaya."

"Ndiye munaima n'kumaonerera."

"Ndikanatani? Ndikanachitulutsa m'chitenje pamaso pa bwana? Akanandimanga. Ntchito ikanatha ya tonse awiri. Hilary akanadya chiyani?"

"Mawa lake? Chaka chotsatira? Zaka makumi awiri ndi ziwiri?"

"Kugulitsa sindikanatha, osula golide onse a ku Limbe amachidziwa. Kubweza sindikanatha. Kutaya m'chimbudzi manja ankakana."

"Nanga ine?"

Anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Inu ndinu mwamuna. Munapirira. Ndipo simunagone ndi njala, ndinakudyetsani."

Ndinatola kachitini kaja pansi.

"Munandikhululukira pamaso pa ansembe," ndinatero.

"Ndikanati chiyani pamenepo?"

"Maliro a Alidi sindinapite."

"Kumeneko sindinakuletseni ine."

Sindinamumenye. Sindinamenyepo mkazi, ndipo sindikanayamba ndili ndi imvi. Ndinangoti, "Loweruka Suhail akubwera. Mudzamuuze ndi pakamwa panu. Ndi mwana wanu, munamubereka kumsana. Sadzakumangitsani. Ndikupempha chimodzi chokhachi m'moyo wanga."

Analira. Anagwada, anagwira mapazi anga. "Ndidzanena, bambo a Hilary. Ndatopa nacho inenso."

8

Loweruka Suhail anabwera cha m'ma teni. Ine ndinakhala pa benchi pakhonde, chotchajira chili pamwendo, kachitini kali m'thumba. Atikonda anavala chitenje chake chatsopano.

Suhail sanandipatse moni. Anapita molunjika kwa iye, anagwada, anamugwira manja onse awiri.

"Mama Ati. Mwakalamba bwanji osandiuza?"

"Iwenso wamera ndevu osandipempha," anatero Atikonda, ndipo onse anaseka.

Suhail anabwerera kugalimoto n'kutsitsa dengu: mpunga, mafuta, shuga, ndi shawelo yobiriwira.

"Amayi akuti shawelo iyi ndi yanu, ankaivala iwo. Chibangili achivala, akuti adzapita nacho mtima uli pansi. Akuti ndikuuzeni kuti inu mlandu mulibe. Akudziwa zimene mwasenza zaka zonsezi m'nyumba muno."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anayang'ana shawelo. Anaisisita ndi chikhatho. Milomo yake inatseguka, ndipo ine ndinaimirira.

"Mayi a Hilary," ndinatero, "muli ndi mawu oti mumuuze mwanayu."

Suhail anatembenukira kwa iye. "Nenani, Mama Ati. Musaope munthu."

Mphepo inkagwedeza nthochi kuseri. Ndinawerenga kupuma kwake, kamodzi, kawiri, katatu.

"Ukawathokoze adona," anatero. "Ukawauze kuti ndikuwapempherera. Ndipo bambo akowa usawasungire mkwiyo, mwanangu. Ndi ukalamba."

Dzanja langa linali m'thumba, litagwira kachitini. Ndikanakatulutsa. Koma ndinaona mmene zikanaonekera: wakuba amene wagwidwa kawiri, poyamba ananamizira wakufa, tsopano akunamizira mkazi wake, umboni wake n'kachitini kopanga yekha. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu n'kupereka chotchajira.

Suhail anachilandira osandikhudza zala.

Galimoto itapita, Atikonda ananyamula dengu n'kulowa nalo m'nyumba. Ndinamva akuthira mpunga mu ndowa imene ndinakhoma ine.

9

Adona Sabiha anamwalira mu Okutobala. Anapita akudziwa kuti Namaona ndi wakuba, ndipo ulendo uno anali ndi umboni.

Ine ndi Atikonda tikukhalabe nyumba imodzi. Ndilibe kwina kopita, iyenso alibe. Amaphika, ndimadya. Lachinayi amavala yunifolomu, kukazizira amafunda shawelo yobiriwira. Ine ndinasamutsira mphasa yanga kuchipinda chosungira malata. Mwezi watha ndinakwera minibasi kupita ku Mpingwe kukafuna manda a Alidi. Mwana wake anandilozera. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, chipewa m'manja. Munthu uja ananena zoona zokhazokha: amene anatsala ndi katundu ndinali ine.

Owerenga, ine sindine woyera m'nkhaniyi. Ndinakwirira chibangili m'nyanja ndi manja anga, ndipo ndinalola mnyamata wamtima wabwino kulira pa phewa langa ndikudziwa kuti ndamunamiza. Zimenezo ndi zanga, ndazivomera. Ndikanapita nacho kwa iye tsiku lomwe ndinachifukula, matope ali pomwepo, kachitini kali m'manja, mwina akanakhala pansi n'kufunsa mafunso oyenera. Ndinafuna kuyeretsa dzina langa ndi bodza, pa uphungu wa munthu amene analidetsa.

Moyo wanga wonse ndinkadzitama kuti sindikhulupirira munthu. Ndinakayikira bwana, ndinakayikira mnzanga, ndinakayikira ansembe ndi anansi. Panali munthu mmodzi yekha amene sindinamuyendetsepo makina, ndipo ndi amene ankandiyalira pogona. Sindikukuuzani kuti muzikayikira akazi anu kapena amuna anu. Ndikungoti, wina akakukhululukirani mlandu umene simunapalamule, mufunseni kuti akudziwapo chiyani.

Dzulo ndinamuuza Atikonda kuti ndalemba zonse, ndi mayina omwe. Anasiya kusesa.

"Mukufuna anthu azindiloza kutchalitchi, bambo a Hilary?"

"Mudzapirira," ndinatero.

Suhail, ngati magazini ino ifika m'manja mwako, sindikupempha kuyenda nane sitolo ndi sitolo. Kachitini kali pa shedi yanga, pa shelefu ya pamwamba. Bwera ndi ndowa iliyonse imene ndinakhoma, udzayerekeze timadontho. Kenako ukafunse ku Mpingwe chaka chimene Alidi anaikidwa. Hilary, nawenso werenga. Dzina lija unalisiya ndi la dalaivala amene anayendetsa zaka khumi ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku, ndipo sanabe kanthu.